Bandi Pamsewu, Khamu Pambuyo

Nyimbo imene pa wailesi imatha m'mphindi zinayi, pabwalo ikhoza kufika mphindi 20 isanaonetse kuti ikupita kumapeto. Woimba amamaliza mawu ake n'kubwerera m'mbuyo pang'ono kukapukuta thukuta. Wang'oma ndi wabesi amatsala awiri, akuponyerana maso. Kenaka wagitala amalowa ndi kanthu kamene pachimbale palibe, kamene ngakhale mwini wakeyo sanakakonzekere masana aja, ndipo anzake amatchera khutu n'kumulondola kumene akulowera. Zikagwirana, ovina ndiwo amayamba kudziwa: fumbi limakwera, mluzu umalira, wina amathamangira kutsogolo kukafupa. Zikakanika, wang'oma amamenya kawiri mwamphamvu, onse n'kubwerera kunyimbo ija ngati palibe chachitika. Mawa lake, m'tauni ina, nyimbo yomweyo idzatuluka mwina.

N'chifukwa chake pali anthu amene amakwera basi ulendo wa tsiku lathunthu kukaonera bandi imene anaionera kale mwezi watha. Wowaona patali amati akuseweretsa ndalama, poti nyimbozo ali nazo kale m'foni. Koma chimene iwo akulondola m'foni mulibe. Chimachitika usiku umodzi wokha, ndipo amene sanapite amangomva nkhani.

Dziko limene khalidweli linakula mpaka kukhala ndi dzina ndi America. Kumeneko magulu oimba motere amawatcha jam band, ndipo kholo lawo ndi Grateful Dead, gulu limene linayamba mu 1965 kufupi ndi mzinda wa San Francisco. Kwa zaka 30, kufikira pamene wagitala wawo Jerry Garcia anamwalira mu Ogasiti 1995, anaimba pamaso pa anthu maulendo oposa 2,300. Pa wailesi sankamveka kwambiri. Nyimbo yawo imodzi yokha, ya mu 1987, ndiyo inalowa pa nyimbo khumi zotsogola m'dzikolo. Mphamvu yawo inali pamsewu. Usiku uliwonse ankasintha nyimbo zoimba ndi kaimbidwe kake, moti munthu ankatha kuwaonera masiku atatu otsatizana osamva zofanana. Owatsatira, amene ankatchedwa Deadheads, ena ankasiya ntchito kapena sukulu kwa miyezi, n'kumayenda pambuyo pa bandiyo m'maminibasi akale. Pamalo oimika magalimoto pankasanduka msika: uyu akugulitsa chakudya, uyo malaya onyika mu utoto, winayo mikanda, onse kufuna ya petulo ndi ya tikiti ya mawa.

Anachitanso chinthu chimene oimba ambiri kwathu angachione ngati kudzibera wekha. Ankalola anthu kujambula zoimba zawo, ndipo kuyambira 1984 anapatula malo akeake oti ojambulawo aziimikapo mamaikolofoni awo. Chimene sankafuna n'chakuti makasetiwo agulitsidwe. Kusinthana kokha ndiko kunkaloledwa. Makaseti aja anayenda m'manja mwa anthu dziko lonse, ndipo aliyense womvera ankafuna tsiku lina akaone yekha.

Kuyenda pamodzi kwa mabandi kunabwera chifukwa cha masamu. Mu Julayi 1973, Grateful Dead, Allman Brothers Band ndi The Band ataimba tsiku limodzi ku Watkins Glen m'chigawo cha New York, kunasonkhana anthu pafupifupi 600,000. Patapita zaka, magulu achinyamata monga Blues Traveler, Phish, Widespread Panic ndi Spin Doctors anaona kuti lililonse palokha limangodzaza kaholo, koma akaphatikiza owatsatira akhoza kudzaza bwalo lalikulu. Mu 1992 anayamba ulendo wa pamodzi wotchedwa H.O.R.D.E., umene unkachitika chaka ndi chaka mpaka 1998. Wobwerera gulu limodzi ankachoka atakonda lachiwiri, ndipo oimba a gulu lina ankakwera papulatifomu ya anzawo pakati pa nyimbo. A Phish anadzakula mpaka kumaitanitsa okha khamu: usiku wolowera chaka cha 2000, ku Florida, anaimba kuchokera pakati pa usiku mpaka dzuwa kutuluka. Ku America nkhaniyi imasimbidwa ngati chozizwitsa. Munthu amene anakula akuchezera gule mpaka mbandakucha sangadabwe nazo kwambiri.

Kwathu bandi ndiyo inkalondola anthu

Zambia inali ndi nyengo yake ya magitala olira mokalipa ndi nyimbo zotalika, ndipo inali m'zaka za m'ma 1970. Dziko litalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, mkuwa unkagulidwa bwino kunja, ndipo m'matauni a migodi munali achinyamata amene makolo awo ankalandira malipiro mwezi ndi mwezi. Ankamvera Jimi Hendrix, Rolling Stones, James Brown ndi Black Sabbath, n'kusakaniza zimenezo ndi ng'oma za kwawo. Maimbidwewo ndi amene tsopano amadziwika kuti Zamrock. Ku Kitwe kunatuluka WITCH, imene woimba wake anali Emmanuel Chanda, wodziwika kuti Jagari, komanso Amanaz, amene chimbale chawo Africa chinatuluka mu 1975. Rikki Ililonga ndi anzake a Musi-O-Tunya anakakhalako ku Nairobi. Mu Lusaka, katswiri anali Paul Ngozi, dzina lake lenileni Paul Dobson Nyirongo, amene ankaliza gitala ndi mano anthu n'kumakuwa. Lero ku Kabwata kuli msewu wotchedwa dzina lake.

Boma linathandizapo. Pulezidenti Kenneth Kaunda, amene naye ankagwira gitala, analamula m'zaka za m'ma 1970 kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za m'dziko momwemo. Mwadzidzidzi wailesi inasowa zoika, ndipo makampani monga Teal Record Company ndi Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo anayamba kusakasaka mabandi oti ajambule. Koma amene anaona nyengoyo amanena chimodzi: chimbale chinali chithunzi chabe. Zenizeni zinali papulatifomu, pamene Jagari ankadumphadumpha, ndipo bandi inkaimba maola ambiri anthu osafuna kupita kwawo.

Kusiyana kwake ndi America kuli apa. Mwana wa Chibolya kapena Matero mu Lusaka analibe galimoto yoti alondolere bandi miyezi itatu, ndipo makolo ake sakanamva zoti wasiya ntchito chifukwa cha gitala. Choncho bandi ndiyo inkanyamuka. Mizinda ya Zambia inandandalikana m'mbali mwa njanji, kuchokera ku Livingstone kudzera Choma, Mazabuka, Kafue, Lusaka, Kabwe ndi Kapiri Mposhi mpaka Ndola, Kitwe, Mufulira ndi Chingola. Bandi inkayenda mzere umenewu, kuimba m'maholo a migodi, m'mahotela ndi m'mabwalo a mpira, makamaka kumapeto kwa mwezi pamene matumba anali olemera. Anthu nawo ankayenda, koma maulendo afupi, a tsiku limodzi kapena awiri: kuchoka ku Luanshya kupita ku Ndola nthawi ya chionetsero cha zamalonda, kapena kuchoka m'makomboni kupita ku Showgrounds mu Lusaka nthawi ya chionetsero cha zaulimi, kumene mabandi angapo ankasinthana pulatifomu imodzi.

Kusinthanako sikunali kwa chikondi chokha. Zida zoimbira zinali zodula ndiponso zosowa, ndipo nthawi zambiri mwini zida sanali woimba koma wamalonda kapena mwini hotela. Oimba okhawo ankasamuka kuchoka gulu lina kupita lina. Paul Ngozi anaimbako ndi Musi-O-Tunya asanayambitse Ngozi Family, ndipo wang'oma wake Chrissy Zebby Tembo anatulutsa chimbale chakechake akuimbiridwa ndi anzake omwewo. Anthu ochepa ankazungulira m'mabandi ambiri, aliyense akudziwa dzanja la mnzake. Kuimba kopanda kukonzekera kumatheka pokhapo pamene oimba adziwana chotere.

Tsidya lina la malire zinthu zinali zosiyana. Mnyamata wa ku Lusaka wa tsitsi lalitali ndi buluku lotambalala kumiyendo akanavutika kulowa m'Malawi wa Dr Banda, kumene malamulo a kavalidwe a m'zaka za m'ma 1970 ankaletsa amuna kuweta tsitsi ndi akazi kuvala mabuluku. Malamulowo anagwira ntchito mpaka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. N'chimodzi mwa zifukwa zimene maimbidwe otere sanamerere mizu ku Blantyre monga anachitira ku Kitwe.

Usiku utatsekedwa

Chimene chinagwetsa Zamrock si kutha kwa luso. Chapakati pa zaka za m'ma 1970 mtengo wa mkuwa unagwa, mafuta atakwera kale mu 1973, chaka chomwecho chimene malire ndi Rhodesia anatsekedwa. Ndalama ya pakhomo inayamba kupikisana ndi ndalama ya ufa. Kenaka nkhondo inafika pafupi. Zambia inkasunga omenyera ufulu a Zimbabwe, ndipo mu Okutobala 1978 ndege za Rhodesia zinaphulitsa msasa wa ku Chikumbi, kumpoto pang'ono kwa Lusaka. Boma linaika lamulo loletsa kuyenda usiku ndi loti magetsi azizimitsidwa. Bandi imene moyo wake unali usiku inatsala ndi masana, pamene anthu ali kuntchito ndipo mowa sugulidwa. Madisiko anabwera ndi munthu mmodzi wonyamula malekodi, wotchipa kuposa anthu asanu ndi lole yawo. Makaseti okopera anamaliza malonda a zimbale. Pomaliza Edzi inalowa pakati pa oimba m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 n'kutenga ambiri. Paul Ngozi anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40 zokha. Pa amene ankaimba mu WITCH masiku a Zamrock, Jagari ndiye anatsala, ndipo anakathera kokumba miyala ya mtengo wapatali.

Mbiri imeneyi imandiwawa chifukwa imaonetsa poyera zimene bandi yamoyo imadalira. Imafuna msewu wotseguka, usiku wopanda mantha, ndi anthu otsala ndi kangachepe m'thumba akagula chakudya. Chimodzi chikachoka, luso limakhalapo koma losowa poimira. Grateful Dead inakhala zaka 30 pamsewu chifukwa zitatuzi sizinachoke. Anyamata a ku Kitwe anali nazo kwa zaka zosakwana khumi.

Msewu sunafe. M'zaka za m'ma 1980 kalindula, wochokera ku Luapula, analowa m'malo, ndi besi yake yotsogolera gule. Magulu monga Amayenge a Chris Chali, Shalawambe, Masasu ndi Serenje Kalindula Band, pamodzi ndi P.K. Chishala, anayenda mzere womwe uja wa njanji n'kupitirira kumaboma akutali. Nyimbo za ku Congo nazo zinazolowetsa anthu sebene, chigawo chija chimene mawu amachepa, magitala n'kumazungulira mpaka ovina atakhuta.

Msewu wa kum'mawa

Munthu wokhala ku Avondale kapena Chelstone mu Lusaka ali pakamwa pa Great East Road. Akapitirira pang'ono amafika pa raundabauti pamene msewu wina umakhotera ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, wina n'kulunjika ku Chongwe, Rufunsa, mlatho wa Luangwa, Nyimba, Petauke, Sinda, Katete ndi Chipata, mtunda woposa makilomita 550, kenaka Mwami, Mchinji ndi Lilongwe. Mabasi ochokera ku siteshoni ya Intercity amadutsa pamenepa kusanache. Msewu umenewu umadziwa bwino anthu oyendera ng'oma. Mu Febuluwale umanyamula opita ku mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni, ndipo kumapeto kwa Ogasiti opita ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, kumene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakumana pamaso pa Kalonga Gawa Undi, dera lililonse litabwera ndi gule wake. Magulu ambiri pabwalo limodzi, khamu lochokera kutali, msika womera m'mbali mwake, anthu ogona pamene apeza: zonsezi Achewa ankazichita kale gitala yamagetsi isanabwere. Mwambo si dansi, ndipo sitingauyese chimodzimodzi, koma miyendo yoyendera phwando ndi yomweyo.

Ukatsata msewuwo mpaka ku Malawi umapeza gulu limene likufanana kwambiri ndi nkhani yathu, ngakhale limaimba reggae. Black Missionaries, amene aliyense amangoti Ma Blacks, anayamba ndi Evison Matafale wa ku Chileka. Matafale anamwalira ali m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001, ndipo ambiri anaganiza kuti bandi yathera pomwepo. Ana a Robert Fumulani anainyamula. Mmodzi wa iwo, Musamude, atamwalira mu 2007, Anjiru ndi Chizondi anapitiriza, ndipo zimbale zawo zonse zimatchedwa Kuimba, kumangowonjezera nambala. Chimene chawasunga zaka zonsezi ndi msewu. Lachisanu ali m'boma lina, Loweruka lina, Lamulungu masana kwinanso, ndipo sayenda okha: Anthony Makondetsa ndi oimba ena a ku Chileka amakwera nawo, aliyense kuimba chigawo chake ndi bandi yomweyo, zida zomwezo. Wolipira pakhomo kamodzi amaonera oimba angapo, ndipo woimba wachichepere amapeza khamu limene payekha sakanaliitana.

Mwezi wa Novembala zinthu zimatembenuka. Bandi imakhala kwawo, ndipo anthu ndiwo amayenda. Chikumbutso cha Matafale ku Chileka n'chaulere, ndipo kumafika anthu ochokera m'zigawo zonse zitatu, ena pamalole, ena pamaminibasi obwereka, atavala zofiira, zachikasu ndi zobiriwira. Ofika msanga amayamba ndi kumanda m'mudzi wa Singano, kenaka onse n'kukhamukira kubwalo. Kunja kwa bwalo chiwaya chili pamoto, wakanyenya akukupiza makala ndi katoni, wa zipewa zoluka wayala malonda ake pansi, akabaza akuitanira. Oimba ambiri amasinthana maikolofoni tsiku limenelo, otchuka ndi ongoyamba kumene.

Maphwando a kunyanja anawonjezera mtundu wina wa ulendo. Lake of Stars inayamba ku Chintheche mu 2004, ndipo Sand Music Festival, imene anayambitsa malemu Lucius Banda, yakhala ikukokera anthu kugombe kwa masiku atatu, ena atanyamula matenti. Awa ndi maulendo a amene ali nazo pang'ono, poti tikiti, mayendedwe ndi pogona zikaphatikizana zimadya malipiro. Ku Zimbabwe nako kuli chitsanzo chathu: Alick Macheso, mwana wa bambo wochokera ku Malawi, amene amaimbanso m'Chichewa, amadziwika ndi nyimbo zotalika zimene besi yake imalankhula yokha, ndipo owakonda amamulondola m'madansi ochezera usiku wonse.

Za m'lole

Woonera amaona maola anayi a chisangalalo. Oimba amaona tsiku lonse. Masipika amakwezedwa m'lole m'mawa, ng'oma zitakulungidwa m'mabulangete kuti zisakhuzuke, jenereta pakona ndi zigubu zake, chifukwa magetsi sungawadalire. Anyamata onyamula zida amakhala pamwamba pa katundu ulendo wonse, ndipo akafika ndiwo amayamba kulumikiza mawaya, ena akupuma. Ndalama ya pakhomo isanagawidwe, amayamba achotsa ya mwini malo, ya mafuta, ya apolisi ndi alonda, ya mapositala ndi kulengeza pa wailesi, ya chakudya ndi pogona. Mvula ikagwa madzulo, kapena m'deralo mukagwa maliro aakulu, onse amabwerera ndi ngongole. Pachifukwa chimenechi mabandi amawerenga kalendala ya ndalama za anthu: kumapeto kwa mwezi m'tauni, nyengo yogulitsa fodya ku Kasungu ndi Mchinji, nyengo yokolola kum'mawa kwa Zambia. Ndipo pachifukwa chomwecho amayenda awiriawiri kapena atatu, kuti lole imodzi ndi jenereta imodzi zitumikire onse.

Pali chinthu chimene ndimachiona ngati kubwerera m'mbuyo. Oimba ambiri a masiku ano, ku Lusaka ngakhale ku Lilongwe, amafika ndi kafulashi m'thumba, DJ n'kuika nyimbo, iwo n'kumaimba pamwamba pa mawu awo omwe. N'zotchipa, ndipo wokonza phwando sangadane nazo. Koma nyimbo yotere singatalike ngakhale ndi mphindi imodzi, ngakhale anthu atavina chotani, poti makina sayang'ana khamu. Amene waonera kamodzi waonera zonse, ndipo alibe chifukwa chokwerera basi kukaonanso. Woimba wosiya bandi amapulumutsa ya lole lero, koma amadula chimene chikanamupatsa omulondola kwa zaka 20.

Zamrock inadzuka kuchokera kumene palibe ankayembekezera. Osonkhanitsa malekodi akale ku Ulaya ndi America anayamba kusaka zimbale zija, ndipo kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles inazitulutsanso chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010. Gio Arlotta wa ku Italy anapanga filimu ya Jagari imene inatuluka mu 2019. WITCH inaimikidwanso, Jagari ndi Patrick Mwondela wa kiyibodi ali pamodzi ndi oimba achinyamata a ku Ulaya monga Jacco Gardner wa ku Netherlands, ndipo mu 2023 anatulutsa chimbale chatsopano, Zango. Woimba wa ku Zambia Sampa the Great anakweza maimbidwewa m'nyimbo zake, ndipo mu 2024 Tyler, the Creator wa ku America anatenga chidutswa cha nyimbo ya Ngozi Family n'kuchiika m'nyimbo yake, achinyamata mamiliyoni n'kumva mawu a Paul Ngozi koyamba. Tsopano Jagari, ali ndi zaka zoposa 70, amayenda m'maphwando a ku Ulaya ndi America, kumene anthu amakwera sitima ndi ndege kukamuonera. N'zokondweretsa, komanso zimafunsa funso kwa ife: mwana wa ku Woodlands kapena Kabulonga amamva za WITCH kudzera pa YouTube, pamene mnzake wa ku Amsterdam waionera ndi maso.

Chimene chinapulumuka ndi zimbale za mu situdiyo, nyimbo za mphindi zinayi zija. Madansi enieniwo, amene ankatha maola, sanajambulidwe kwenikweni, ndipo zithunzi zoyenda za nyengoyo n'zochepa zedi. A Grateful Dead ali ndi zikwi za makaseti a owatsatira, zimene lero zili pa intaneti, moti munthu akhoza kusankha tsiku ndi mzinda n'kumva zimene zinaimbidwa usiku umenewo. Kwathu zimenezo zili m'mitu mwa anthu. Amene anali ndi zaka 20 mu 1975 lero adutsa 70, ndipo ena a iwo akukhala m'nyumba za ku Kabwata, Chelstone ndi Avondale, akulera adzukulu. Amakumbukira holo, mtengo wa pakhomo, amene anayamba kuimba ndi amene anatsekera, ndi mmene anabwererera kwawo wapansi usiku basi itatha. Wophunzira aliyense wa ku University of Zambia, imene ili pa Great East Road pomwepo, ali ndi foni yokwanira kujambula maola awiri a nkhani zotere, ndipo ulendo wake ndi wa minibasi imodzi.